Mkono wa a Roboti

Lolemba, 2 Juni

Kuntchito mabuku khumi ndi awiri a ana a kukoleji. Zikuto zakuda, zilembo zagolide. Zam'kati sindiwerenga, changa n'chakuti m'mbali muwongoke. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikumanga mabuku, palibe linatulukapo m'manja mwanga lokhota.

Kufika kunyumba, pabalaza pasanduka pogulitsira makala. Mpongozi wanga wamata chipepala kukhoma, mipando waunjika pakona. Makala manja onse awiri, maso tsinzi, akuzungulira ngati zamulowa nyerere m'malaya. Zotsalira papepalapo akuti ndiye chithunzi. Ndamufunsa kuti cha chiyani. "Cha mmene thupi layendera, amayi." Mwana wanga sukulu yonse ija kuti adzanditengere zimenezi. Mwiniwake ali phee kutali kuntchito kwake, ine wandisiyira mkazi wovina ndi khoma.

Anabwera kudzandithandiza kusamala apongozi ake. Pamenepo ndisaname, amathandiza.

A Roboti, amuna anga, chimodzimodzi. Miyezi inayi chigwereni ndi sitiroko. Mwendo akukoka, mawu awiri atatu, mkono wamanja lende. Wapolisi amene ankaimitsa malole ndi chala chimodzi pamphambano, magolovesi oyera mbee, mpaka madalaivala kumupatsa dzina la maloboti. Lero supuni ikuwalaka.

Lachiwiri, 3 Juni

Kuchipatala. Dokotala wa mafizo, wolimbitsa ziwalo, sanabise mawu: mkono ukangokhala choncho miyezi iwiri ikubwerayi, uuma mpaka kalekale. Wawapatsa kampira koti azifinya. Tisanafike pageti kampira kali m'ngalande. Aponya ndi lamanzere, mwadala.

"Ndisiyeni." Mawu okhawa ndiye amatuluka bwinobwino, opanda chibwibwi.

Ndawauza kuti ndikanakhala wowasiya ndikanawasiya kale, nthawi ija anali ndi mikono iwiri ndi maso osakhazikika. Sanaseke. Kale akanaseka.

Mankhwala akweranso mtengo. Ndikuopa. Ndalemba basi, ndikuopa.

Lachinayi, 5 Juni

Koma abale. Ndapeza amuna anga atawamangirira khala kudzanja lamanja ndi bandeji. Mpando wawo waukhazika m'mbali mwa khoma, miyendo yake wailemberera ndi choko pansi kuti tsiku lililonse uzikhala pomwepo. Pepala kukhoma. Wezulo yawo yakale waivundukula m'sutikesi, kaya anamulozera ndani.

Mpongoziyo ndiye galimoto. Akuchokera kukhitchini, pakamwa vuuu, chivundikiro cha poto ndiye chiwongolero. Iwo amuimitse. Mayi wamkulu, wa digiri.

Mkono sunadzuke, wangonjenjemera. Papepala kamzere ngati nkhuku inayamba kupalasa n'kusintha maganizo. Iye walemba deti pakona, poyambira mzere, wakasunga kunsi kwa matiresi ngati satifiketi.

Khoma limenelo ndinapenta chaka chatha chomwechi.

Lamulungu, 8 Juni

Pepala amagula lampukutu. Akamaliza sadula, amang'amba ndi manja. Lina lalifupi, lina lalitali pang'ono, m'mbali ngati mwadya makoswe. Mtima wanga umachita kuwawa. Ndamupatsa rula yanga yachitsulo ndi mpeni, wabweza ndi manja awiri, mwaulemu wake uja wopsetsa mtima. "Pepala lizithera pomwe dzanja lathera, amayi."

Nzeru za m'kalasi. Pepala limathera pomwe rula yanena.

Makala kumatawulo, makala kuchitseko cha firiji, makala m'khutu mwa a Roboti. Sopo watha pasanathe sabata.

Lachitatu, 11 Juni

Ndaweruka msanga, magetsi anazima kuntchito. Ndili pakhomo ndamva kuseka. Kuseka kwawo kwenikweni, kuja kokhala ngati injini ikukana kulira. Mpongozi lero anali basi yodzaza, yofuna kuthawa wapolisi, wagunda sofa dala n'kugwa chagada.

Miyezi inayi ndawasambitsa, ndawatembenuza, ndawapukuta malo oti sindingalembe muno. Ine sanandisekerepo. Wabwera wa chivundikiro cha poto, mano onse panja.

Ndakalipa. Za khoma, za sopo, za munthu wamkulu kusandutsidwa chidole. Ndanena kuti mkono sudzuka ndi zibwana. Anamva, anali pompo. Amasula bandeji okha ndi mano.

Nsanje. Pa msinkhu wanga, ndi mpongozi. Za manyazi.

Lolemba, 16 Juni

Kunabwera alamu anga dzulo kudzazonda. Diresi yoyera, akhala pampando wa makala. Sindinawauze, ananyamuka nacho chithunzi chawo kumbuyo. Awauza achimwene awo kuti angovomereza, kuti ena amafa kumene. Kuzonda kwake kumeneko.

Galimoto zikupitirira. Lero inali njinga yamoto yopanda nambala. Ine ndimangodutsa ndi tsache, sindiyang'ana.

Kuntchito chodulira chabwera kuchokera konoletsa. Chikudula mapepala mazana asanu ngati buledi. Ndinachisisita pamene abwana sankaona.

Lachisanu, 20 Juni

Mpongozi wandikokera kuchionetsero cha anzake. Akuti mabuku opangidwa ndi manja. Ine ndimati ndimawadziwa mabuku.

Lina la timatumba ta tiyi togwiritsa kale ntchito. Lina losatseguka, alisoka mbali zonse zinayi, akuti likunena za chinsinsi. Lina tsamba limodzi lokha lopindapinda, kulitambasula lafika kuchitseko. Anthu manja kumbuyo, mutu pambali, akugwedeza ngati akumva ulaliki. Bambo wina wa ndevu waima mphindi khumi kuyang'ana chozimitsira moto, mpaka amuuza kuti chimenecho n'cha nyumbayo.

Kusoka kwake ndiye kolira nako. Ulusi wolendewera, guluu ngati mamina. Ndagwira limodzi kuti ndione msana, kamayi kena kandithamangira kuti musakhudze. Buku losakhudza. Ndaona zinthu.

Limodzi lokha linandiimitsa. Wina anasoka matumba a malaya a malemu bambo ake, tsamba lililonse thumba. Ndinapisa dzanja m'limodzi kamayi kaja katatembenuka. Munalibe kanthu. Kaya ndimayembekezera chiyani.

Pobwerera mpongozi wati pa 12 Julayi kuli chionetsero china, akufuna mapepala a apongozi ake akhale buku. "Woti angalisoke ndi inu nokha, amayi." Ndati ndiona. Mumtima ndati aona okha buku lenileni mmene limakhalira.

Lachinayi, 26 Juni

Azimitsa getsi.

Swichi ili kutali ndi mpando, cha pamwamba. Mpongozi anali lole, iwo akuimitsa, mkono wapita, wapita, wadutsa pepala, khala lagunda swichi, thi. Ndinali kukhitchini, ndamva wezulo ikulira kosalekeza ngati kwachitika ngozi. Kuthamangira, ndapeza awiriwo akulozerana swichi ngati aona mngelo.

Ndati zabwino, ndiye bilu ya magetsi itsika. Ndabwerera kukhitchini. Anyezi anali wowawa lero.

Paswichi pali banga lakuda. Sindinapukute. Ndaiwala chabe.

Lachiwiri, 1 Julayi

Ndawatenga mapepala kuntchito. Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, kuyambira pa 5 mpaka dzulo. Palibe awiri ofanana. Loyamba kuchepa ngati thireyi, lomaliza kuposa mkono wanga.

Abwana asuzumira, aseka mpaka kukhosomola. Ati ndipeze mphaka kunyumba, makoswe andithera katundu. Atinso kodi ukalamba wayamba, mayi wa m'mbali zowongoka kumanga zinyalala.

Ndatenga rula. Bukuli lidzatuluka muno ndi dzina langa.

Lachitatu, 2 Julayi

Latha. Ndipo ndi buku.

Ndawagunditsa patebulo kuti alingane kumsana, kumene kuli madeti. Ndayeza ndi laling'ono kwambiri, monga mwa ntchito. Chodulira kamodzi, khwapu. M'mbali salala, ungadziyang'anirepo. Ndasoka ndi ulusi wopaka sera, chikuto cholimba cha nsalu yakuda, zilembo zagolide: MKONO WA A ROBOTI. Abwana alitembenuza uku ndi uku, sanapeze polakwika.

Anthu a ndevu aja akaone. Mawa ndikapereka, guluu ayambe wauma.

Lachinayi, 3 Julayi

Mpongozi walilandira ndi manja awiri. Watsegula tsamba loyamba, lachiwiri, wathamangira kumapeto. Wabwerera koyamba. Nkhope yatsika ndikuona.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Wangofunsa, motsitsa mawu, "Amayi, kotsalako kuli kuti?"

Ndati kotsala kwake kuti, zinyenyeswa zimapita m'thumba.

Waliika pamiyendo pa apongozi ake poti anali atatambasula kale dzanja. Atsegula ndi lamanzere, tsamba ndi tsamba. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndiye ndinaona nawo. Masamba onse ofanana. Lililonse mzere ukuyamba, ukukwera pang'ono, n'kuthera pampeni. Tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza chimodzimodzi. Mwezi wathunthu munthu akukankha mkono wakufa chala ndi chala, ine ndadula ponse pamene unafika. Buku likunena kuti sanasunthe.

Mpongozi anandiuza. Pa 8 Juni, ndayang'ana, ndinalemba ndekha ndi dzanja langali.

Atseka buku. Atembenuzira nkhope kukhoma. "Ndisiyeni."

Lachisanu, 4 Julayi

Galimoto kulibe. Bandeji aikana, wezulo aiponya kunsi kwa sofa. Mpongozi wayesa kukhala ambulansi, sanacheuke n'komwe. Mkono uli pamwendo ngati si wawo.

Ndati pepani. Pepani sapoletsa chilonda, ndikudziwa, koma china ndinene chiyani. Mpongozi wandiphikira tiyi. Mwana ameneyu adzandipha ndi ulemu.

Pa miyezi iwiri ya adokotala watsala umodzi.

Kuntchito thumba la zinyenyeswa kulibe. Lachinayi lililonse amadzatenga mayi wina woweta nkhuku, amayala m'khola. Zaka zonsezi ndimamuthokoza potichotsera zinyalala.

Loweruka, 5 Julayi

Mabasi awiri, kenaka wapansi. Mayi wa nkhuku wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato nditamuuza kuti ndikufuna zinyalala zanga. Wafunsa ngati munagwera ndalama. Ndati munagwera mkono wa amuna anga. Wangondipatsa mpando n'kuima patali.

Matumba asanu ndi awiri. Malisiti, makalendala, m'mbali mwa mabuku a ana a kukoleji. Ndakhuthula onse pabwalo, nkhuku zikundithandiza. Manja akuda ndiye anandiuza kuti ndafika, thumba lachisanu.

Ndapeza zidutswa makumi awiri ndi zinayi. Zimayenera kukhala makumi awiri ndi zisanu, poti tsamba loyamba silinadulidwe, ndiye chimodzi chikusowa. Mayi uja waloza kukhola. Ndalowa chokwawa, ndi siketi yanga ya kutchalitchi. Chinali pansi pa chomwera madzi, chachitali, thadzi litasainapo kale pakati.

Ndabwera ndikununkha. M'basi anandisiyira mpando wonse.

Lolemba, 7 Julayi

Buku ndalitenga mwakachetechete pashelefu, ndalisomola kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Ulusi wanga womwe, kuudula ndekha. Kusoka kunali kwabwino, zimenezo palibe angatsutse.

Zidutswa zilibe madeti, madeti anatsala kumsana. Ndimati ndingozindandalika kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, zakana. Mkono sunkapita patsogolo tsiku lililonse. Njira ndi imodzi: kutenga chidutswa, kuchiyendetsa patsamba lililonse mpaka mizere ikumane, ngati mbale yosweka.

Ndiye ndayang'ana. Koyamba. Mwezi wonse ndinkadutsa ndi tsache.

Si kupalasa kwa nkhuku. Mzere wokwera n'kuima mwamphamvu, khala mpaka kuphwanyika, ameneyo ndi imani. Wogona, wobwerezabwereza, ndi pitani, pitani, fulumirani. Pena mzere ukunjenjemera, ukuoneka kuti wafuna kugwa, kenaka wadzikoka. Pamenepo ndimachita kuwamva akubuula.

Ndayeza chilichonse ndi rula. Pa 6 Juni sentimita imodzi. Pa 10, zisanu ndi zinayi. Pa 11, khumi ndi ziwiri. Pa 12 Juni ziwiri zokha.

Ndatsegula kabuku kano. Pa 11 ndi tsiku ndinakalipa.

Pa 16 zatsikanso, amenewo ndi alamu anga ndi pakamwa pawo. Ndiye kuti ine ndi alamu tili gulu limodzi. Chimenechi chandiwawa kuposa zonse.

Lachiwiri, 8 Julayi

Kulumikiza. Kapepala kopyapyala kumbuyo, guluu pang'ono, kusindikiza ndi fupa losalazira. Chipsera chikuoneka patsamba lililonse, mzere wowongoka bwino kudutsa pakati pa mkono wa munthu. Siginecha yanga imeneyo. Sindibisa, ngakhale njira ndikuidziwa.

Cha nkhuku chija ndi cha pa 26, cha swichi. Masentimita makumi anayi ndi asanu ndi awiri, mzere kutulukira kunja kwa pepala. Za thadzi ndazisiya pomwepo. Anthu a ndevu adzati ndi luso.

La pa 29 landikhazika pansi. Mzere ukukwera, ukuima, kenaka kumapeto ukupinda pang'ono ngati mbedza, kubwerera kwa mwini. Ndikuudziwa. Pamphambano paja, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mabuku a ofesi pamutu, ndikulephera kuwoloka. Wapolisi wina wodzimva anaimitsa mbali zonse zinayi, mahutala akulira, n'kundikodola ndi zala ziwiri: dutsani, mayi. Anachita zimenezo masiku asanu ndi atatu mpaka ndinamupatsa moni kuti anthu asamachedwe kuntchito.

Pa 29 linali Lamulungu. Ndinali pakhomo la khitchini ndi tsache. Ndimayesa akuthamangitsa ntchentche.

Abwana andipeza ndikupukuta m'maso, ndati ndi guluu.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndasoka. Chikuto chofewa, chongokwana tsamba loyamba. Ena onse akutulukira kunja, lina pang'ono, lina kwambiri, lina kubwerera m'kati. Silitsekeka bwino, siliima pashelefu, m'chikwama silikwana. Buku lonyansa kuposa onse amene ndinamangapo. Abwana afunsa ngati alithandize ndi chodulira, ndawauza kuti akalikhudza ndiyamba ndi zala zawo.

Kunyumba tsiku lachisanu ndi chimodzi popanda makala. Pabalaza poyera bwino. Ndikudana napo.

Zala zawo zayamba kupindikira m'kati. Mpongozi waona, ine ndaona.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndili ndi chotupa pamphumi, ngati dzira.

Ndinafika nalo madzulo. Ndaliika pamiyendo pawo, chikuto chakale cha golide ndachiika pakatebulo ka kumanja kwawo, chopanda kanthu m'kati. Mpongozi anaima pakhomo, dzanja pakamwa. Iwo poyamba nkhope kukhoma. Koma masamba ataliwo anali kugwa pamwendo, ndiye anawagwira ndi lamanzere kuti asafike pansi. Kenaka anayamba kuyang'ana. Pa chipsera chilichonse amaima n'kundiyang'ana ine.

Ndikanakhala chete. Sindinabadwe choncho. Ndinayamba kufotokoza za mabasi awiri, za khola, za siketi yanga. Ndinati ndalakwa, inde, koma tinene zoona, buku loyamba lija linali lokongola, ndipo chikuto ngati chimenecho sangachipeze kulikonse, ndipo munthu akamang'amba mapepala ngati khoswe asamadabwe

Chikutocho sindinachione chikubwera. Pha, pamphumi. Ngodya yake, yomwe ndinaipinda ndekha kuti ikhale yakuthwa bwino.

"Iwe," anatero. Mawu atsopano.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe za makolo awo. Mpongozi ndiye anandigwira mkono, akuloza. Dzanja lawo lamanzere linali likadagwira buku pamwendo.

Ndinathamangira tepi m'chikwama, magazi pang'ono akutsikira m'diso. Kuchokera pachoko cha mpando mpaka pomwe ndinaima: mamita awiri ndi masentimita khumi. Ndayeza kawiri. Ndawauza kuti akanakhala mwamuna akanafikitsa atatu. Injini ija inayamba kukhosomola, kukhosomola, mpaka inalira. Andisekera ine.

Ndagula mpukutu wina wa pepala, wathunthu. Nyama mwezi uno tiiwale.

Lachisanu, 11 Julayi

Chotupa chasanduka chobiriwira. Mawa kuchionetsero ndipita nacho choncho, akafuna achiike nambala.

Ndapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Wezulo aitulutsa kunsi kwa sofa, bandeji amanga. Koma mpongozi amukana, akuti galimoto imeneyo yawakwana. Aloza ine. Ndafunsa kuti ndikhale galimoto yanji, yaing'ono yaulemu kapena. Ayesa kawiri, kachitatu mawu atuluka: "Lole." Mpongozi wawonjeza kuti yamchenga, yopanda mabuleki, iwo agwedeza mutu. Zaka makumi atatu za ukwati.

Chivundikiro cha poto chili apa. Ndangoti ndiyambe ndalemba kuti pepala la lero ndalimata ndekha, ndipo ndalisiya lalitali mpaka kudutsa swichi, poti munthu sudziwa. Wezulo ikulira. Kachiwiri. Wapolisi ameneyu sanaphunzirepo kudikira, ndikubwera, ndingo